Funsani Anamwino: Ngati insulini anaigulitsa dola imodzi, bwanji ikudula chonchi?

Anamwino, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Balaka. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 anamupeza ndi matenda a shuga chaka chatha, ndipo ndimamubaya insulini m'mawa ndi madzulo. Mwezi wina mankhwala anatha komwe timalandira, moti ndinachita kugulitsa nkhuku kuti ndikagule ku famase. Alamu anga amene ali ku Joni akuti anthu amene anatulukira insulini anagulitsa umwini wake dola imodzi yokha. Kodi ndi zoona? Nanga bwanji ikudula? Akutinso kumeneko ena amabaya ya m'peni. Kodi ya m'kabotolo imene timalandirayi ndi yotsalira?

Mayi wodandaula, Balaka

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe munakumana nazozi. Alamu anuwo sananame.

Nkhaniyi inayambira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1921. Dokotala Frederick Banting ndi wophunzira wina, Charles Best, ankayesa pa agalu madzi omwe ankafinya ku kapamba. James Collip ndiye anawayeretsa mpaka kufika poti n'kubaya munthu. Mu Januwale 1922 anabaya Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14 yemwe anali atangotsala mafupa okhaokha, ndipo anatsitsimuka. Isanafike nthawi imeneyo, mwana wodwala ngati wanuyu ankangomumana chakudya kuti masiku achulukeko pang'ono. Mu 1923 atatuwa anapereka patenti yawo ku University of Toronto pa mtengo wa dola imodzi aliyense. Patenti ndi chikalata cha boma chonena kuti luso ili ndi la uje, wina asapange kapena kugulitsa popanda chilolezo chake, ndipo masiku ano chimakhala zaka 20. Iwo ankafuna kutsekereza aliyense wofuna kuigwira yekha, komanso kuti yopangidwayo izikhala yabwino.

Patenti imeneyo inatha kalekale. Koma insulini ya 1923, yofinyidwa ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba, si imene ili m'kabotolo ka mwana wanu. Makampani akhala akuisintha, ndipo akasintha amakalembetsa umwini watsopano. Ku Denmark, gulu la Hans Christian Hagedorn linaphatikiza insulini ndi protamine, chinthu chochokera ku nsomba, kuti izigwira ntchito nthawi yaitali. Mu 1946 kunabadwa NPH, ija yooneka ngati mkaka imene mumaipukusa m'manja musanakoke. H wa kumapetoyo ndi dzina la bamboyo. Mu 1978 kampani ya Genentech ku America inachititsa tizilombo ta bakiteriya kupanga insulini yofanana ndendende ndi ya munthu, ndipo Eli Lilly inayamba kuigulitsa itavomerezedwa mu 1982. Peni yoyamba ya kampani ya Novo inatuluka mu 1985. Kenako kunabwera zosinthidwa pang'ono: Humalog mu 1996, Lantus mu 2000.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti patenti ya mankhwala enieniwo ikamatha, pamakhala patalembetsedwa kale ina ya peni, ina ya zosakanizamo, ndipo wofuna kupanga yotsika mtengo amayamba wakokedwa kukhoti. Onjezani apo kuti insulini si panado. Imapangidwa ndi tizilombo tamoyo m'mathanki akuluakulu, ndipo fakitale yake imafuna ndalama zankhaninkhani. N'chifukwa chake makampani atatu okha, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, ndi amene agwira msika woposa magawo 90 pa 100 aliwonse padziko lonse. Ogulitsa akachepa pamsika, mtengo amatchula okha.

Kwathu kuno patenti si ndiyo mfundo yaikulu. Bungwe la WTO, loona za malonda padziko lonse, linalola mayiko osaukitsitsa, kuphatikizapo Malawi, kusatsata ma patenti a mankhwala mpaka 2033. Chikutipweteka n'chakuti insulini yonse timaitanitsa kunja, timalipira ndi ndalama zakunja, ndipo iyenera kuyenda mozizira ulendo wonse mpaka kufika pa shelefu. Zinthu zikusuntha ndithu, ngakhale pang'onopang'ono. Biocon ya ku India imapanga insulini yofanana ndi Lantus, ndipo mu 2023 Novo Nordisk inagwirizana ndi Aspen ya ku South Africa kuti insulini ya mayiko a mu Africa izipangidwira komweko.

Tsopano funso lanu lomaliza, lomwe ndaona kuti ndi limene likukusowetsani tulo. Ayi mayi, ya m'kabotolo si yotsalira. Peni ndi chobayira chabe, ndipo nthawi zina insulini ya m'peni ndi yomweyo ya m'kabotolo. Insulini zosinthidwa pang'ono zija zili ndi ubwino wake, makamaka kwa ana amene shuga amawatsikira usiku, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika zogwira ntchito nthawi yaitali, monga Lantus, pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Mwana wanu akamadzuka thukuta lili kamukamu, akunjenjemera kapena atasokonezeka, mupatseni chotsekemera msanga ndipo mukawauze adokotala. Koma pa zaka zomwe ndagwira ntchito ku kiliniki ya shuga ndaona ana akukula bwinobwino, kulemba mayeso a fomu folo, ndi timabotolo tiwiri tomweti, koyera ngati madzi ndi kamkaka kaja. Amene ndinawaona akubwera ali chikomokere anali oti adumphitsa jakisoni, kapena achepetsa mlingo kuti kabotolo kakhalitse. Chonde, zimenezo musayese ngakhale zitavuta bwanji.

Ngati mulibe fuliji, ikani kabotolo m'kachitini kotseka bwino, kachitiniko mukakwirire mumchenga wonyowa mkati mwa mtsuko wadothi, pamthunzi. Agogo ena a mwana yemwe ndinkamuona ankathirira mchengawo m'mawa uliwonse akamachokera kumjigo, ndipo ndikagwira kabotolo kawo kankakhala kozizira ngakhale mu Okutobala. Lembani tsiku lomwe mwakatsegula, ndipo muzipita kukatenga kena pamene kanuko kakadali ndi mankhwala a sabata yathunthu, kuti mukapeza kulibe mukhale ndi masiku ofunsira kwina.