Foni ya mabatani yoyenera munthu wongofika kumene ku Joni

Abale anga amene mwangotsika basi ku Park Station mu Johannesburg, kapena mwafikira kwa achibale ku Cape Town ndi ku Durban, dziwani kuti aliyense wofuna kukupatsani ganyu adzayamba wakufunsani nambala ya foni. Bwana wa ntchito ya zomangamanga akasowa munthu mmodzi m'mamawa amaimba kamodzi kapena kawiri, ndipo akapeza kuti foni yanu ndi yozima amaimbira wina. Kwa zaka zimene ndagwira ntchito kuno, kuyambira yosakaniza simenti mpaka yosamalira maluwa m'mayadi a anthu, ndaona anzanga ambiri akutaya mwayi chifukwa cha foni yothera moto, yosweka sikirini, kapena yobedwa. N'chifukwa chake ndimalangiza aliyense wobwera kumene kuti ayambe ndi foni ya mabatani, ngakhale atakhala nayo kale ina ya tachi. Ya tachiyo izikhala kunyumba, muzicheza nayo ndi akumudzi pa WhatsApp madzulo, koma yoyenda nayo m'thumba la ovolosi ikhale ya mabatani.

Musanayang'ane n'komwe kulimba kwa chikopa chake, funsani wogulitsa ngati foniyo ili ya 4G. Mafoni ambiri otsika mtengo amene mudzawapeza mu PEP, mu Ackermans kapena m'tisitolo ta m'tauni amagwira netiweki ya 2G yokha, monga momwe inkachitira Nokia 3310 ya m'chaka cha 2000 imene akuluakulu amaitamabe mpaka lero. Mu 2024 boma la South Africa linalengeza kuti likufuna kuti netiweki za 2G ndi 3G zizimitsidwe pofika kumapeto kwa 2027. Tsikulo likhoza kusunthidwa, koma makampani anayamba kale kusamutsira mphamvu zawo ku 4G, ndipo foni ya 2G yokha idzafika poti ili bwinobwino koma yosagwira paliponse. Pa bokosi yang'anani mawu akuti 4G ndiponso VoLTE. Mawu achiwiriwa akutanthauza kuti foniyo imaimba kudzera pa 4G yeniyeniyo, pamene ina yopanda VoLTE imatsikira ku 2G kapena 3G nthawi iliyonse mukaimba. Nokia 105 ilipo ya mitundu iwiri, ya 2G ndi ya 4G, ndipo poiona msanga simungaisiyanitse, choncho werengani bokosi musanalipire. Kusiyana kwa mtengo sikufika pa malipiro a maganyu a masiku awiri.

Nkhani ya kulimba ndi imene anthu amapusitsidwa nayo kwambiri. M'misika muli mafoni okutidwa ndi labala wonenepa, a mtundu wachikasu kapena wobiriwira ngati zovala za asilikali, okhala ndi tochi yaikulu pamwamba ndi nambala ya batire yochititsa kaso yolembedwa pa bokosi. Ine ndinagulapo imodzi yotere chaka changa choyamba kuno, ndipo itangonyowa ndi mvula kamodzi sipika yake inayamba kulira ngati chule, mpaka ndinkachita kufuula kuti bwana andimve. Labala wakunja amateteza foni ikagwa pansi, koma madzi ndi fumbi zimalowera pa bowo la tchaja, pa sipika ndi m'mphepete mwa chotsekera batire. Foni yopangidwadi kuti ipirire imakhala ndi chizindikiro cha IP chotsatana ndi manambala awiri. Nambala yoyamba ikakhala 6, fumbi sililowa. Yachiwiri ikakhala 7, foniyo ikhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osawonongeka, ndipo 8 imaposa pamenepo. Nokia 800 Tough, imene inatuluka mu 2019, ndi ya IP68, ndipo mafoni a mabatani a dzina la CAT nawonso anapangidwira anthu a ntchito zolemetsa, ngakhale kampani imene inkawapanga inagwa kumayambiriro kwa 2024, zimene zachititsa kuti asamapezeke mosavuta.

Mafoni amenewa ndi okwera mtengo, ndipo kunena chilungamo, si aliyense amene akufunika kugula. Ngati mukupita kukagwira ntchito m'minda ya mphesa ku De Doorns kapena ya maapozi ku Ceres, kumene mvula imagwa nthawi yozizira kuyambira cha mu June mpaka August, kapena ngati mudzakhala tsiku lonse pa fumbi la simenti, ndalama yowonjezerayo simudzaidandaula. Koma mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, mlonda, kapena mnyamata wothandiza m'sitolo, Nokia, itel kapena Mobicel wamba imamukwanira, makamaka akamaiika m'kapepala ka pulasitiki masiku a mvula. Foni yaing'ono ya mabatani ndi yopepuka, moti ikagwa nthawi zambiri imangomasuka chotsekera ndi batire, inu n'kubwezeretsa, n'kuyatsanso. Ilinso ndi ubwino wina umene m'tauni muno ndi waukulu, woti mbava siziitsata kwenikweni. Munthu woimba pa foni ya mabatani pa renki ya mataxi sakopa maso ngati amene watulutsa foni ya tachi yonyezimira, ndipo ngakhale atakulandani, mwataya ndalama yochepa.

Batire ndi chifukwa chachikulu chimene ndimaikondera foni yotereyi. Ambiri a ife timayamba ndi kukhala m'tizipinda ta malata kuseri kwa nyumba za eni, kumene magetsi amachokera pa waya mmodzi wokokedwa kuchokera kunyumba yaikulu, ndipo mwininyumba akapanda kugula mayunitsi a magetsi nonse mumakhala mumdima. Amene tinali kuno mu 2023 tikukumbukira momwe Eskom inkazimitsira magetsi maola ambiri pafupifupi tsiku lililonse. Foni ya mabatani yabwino imatha masiku angapo osatchaja ngakhale batire yake ili yaing'ono, chifukwa sikirini yake sidya moto. Sankhani imene batire yake imachoka, kuti ikafooka mugule ina m'malo motaya foni yonse. Kumbukiraninso kuti masoketi a kuno ndi a mabowo atatu ozungulira, osiyana ndi a kwathu a mano atatu afulati, choncho tchaja imene mwabwera nayo kuchokera ku Limbe kapena ku Mzuzu idzafuna adaputa.

Foni ya malo awiri a simu khadi ndi yofunika kwa ife obwera. M'malo amodzi muike simu ya kuno, mwina musunge ya kwathu ya Airtel kapena TNM, poti akaunti yanu ya Airtel Money kapena Mpamba ndiponso mauthenga a kubanki amadalira nambala imeneyo. Musaimbire pa simu ya kwathuyo muli kuno, chifukwa mayunitsi amatha musanamalize n'komwe kupereka moni. Chenjerani ndi mafoni otsika mtengo kwambiri a m'masitolo akuluakulu, popeza ena amakhala omangidwa ku netiweki imodzi, ndipo simu ya kampani ina amaikana. Funsani ngati foniyo ili yomasuka ku netiweki zonse, ndipo ngati n'kotheka muiyese ndi simu ziwiri muli pomwepo. Za netiweki yoti musankhe pakati pa Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom, musamvere malonda a pa wailesi. Funsani anthu a pamalo pamene mukagwire ntchito, chifukwa m'mafamu a ku Limpopo kampani ina imagwira bwino m'munda muno koma kuseri kwa phiri osagwira n'komwe.

Apa ndifuna kutsindika, chifukwa foni ikatayika imagulidwa ina, koma nambala ikatayika mumataya anthu onse amene anakudziwirani pa nambalayo. Lamulo la kuno lotchedwa RICA limafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, ndipo mlendo amalembetsa ndi pasipoti pamodzi ndi umboni wa kumene akukhala. Amene akukhala m'malo opanda adiresi yeniyeni akhoza kugwiritsa ntchito kalata yochokera ku tchalitchi, kusukulu kapena kusitolo ya m'deralo. M'misewu mudzapeza simu zolembetsedwa kale, zogwira nthawi yomweyo, ndipo munthu wotopa ndi ulendo wa masiku awiri kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amakopeka nazo. Simu yoteroyo ili m'dzina la munthu amene simukumudziwa. Tsiku limene foni idzabedwe, kampani sidzakubwezerani nambalayo chifukwa m'mabuku mwawo si yanu, ndipo mabwana onse amene munawapatsa adzakhala akuimbira mphepo. Mnzanga wina wa kwathu anataya makasitomala a mayadi anayi m'njira imeneyi. Simu yolembetsedwa bwino nayonso imafuna kugwiritsidwa ntchito, chifukwa ikakhala miyezi ingapo osathiramo mayunitsi kapena kuimbirapo, kampani imaitseka n'kupereka nambalayo kwa wina. Mukapita kumudzi kukalima nyengo ya dzinja, musaiwale zimenezi.

Ena amaopa kuti popanda foni ya tachi sangatumize ndalama kwa makolo. Makampani otumiza ndalama monga Mukuru ndi Hello Paisa ali ndi njira yodina manambala oyamba ndi nyenyezi, yofanana ndi imene tinazolowera kwathu pogula bandulo, ndipo foni iliyonse ya mabatani imaitha. Uthenga wa Please Call Me, umene kuno walowa m'malo mwa kuflasha kwathu kuja, umatumizidwanso chimodzimodzi. Polemba mauthenga, zimitsani kamakina kolosera mawu, popeza sikadziwa Chichewa ndipo kamasandutsa mawu anu kukhala Chingerezi chopanda mutu. Uthenga umodzi umakwana zilembo 160, ndipo mukapitirira mumalipira mauthenga awiri. Mabatani akhale aakulu ndi otalikirana, oti chala chokhakhala ndi ntchito chisadine awiri nthawi imodzi, ndipo sipika ikhale yomveka pakati pa phokoso la makina.

Gulani m'sitolo yopereka lisiti. Lamulo loteteza ogula la dziko lino limapatsa munthu miyezi 6 yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama ibwezedwe, koma popanda lisiti mudzavutika kutsimikiza kumene munagula. Musanatuluke, dinani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, muiyerekeze ndi imene ili pa bokosi, ndipo muilembe penapake, chifukwa ndi imene kampani imagwiritsa ntchito potseka foni yobedwa. Pa chifukwa chomwechi, foni yogulitsidwa pamanja pa ngodya ya msewu ndi yoopsa, popeza ikhoza kukhala kuti inatsekedwa kale, kapena apolisi n'kukupezani nayo inu.

Mukafika kunyumba, sungani manambala a kwathu moyamba ndi +265 m'malo mwa ziro woyambirira uja, apo ayi sadzalowa. Lowetsaninso 10111 ya apolisi ndi 112, imene imaimbika pa foni iliyonse ya m'manja ngakhale mulibe mayunitsi. Kenako tengani kabuku kakang'ono mulembemo ndi cholembera manambala a makolo, a wachibale amene mwafikira, a bwana ndi a mkulu wa mpingo kapena wa mzikiti wanu, ndipo kabukuko kazikhala pamodzi ndi pasipoti, osati m'thumba lomwe mumayendera foni.