Musamulole avomere mlandu umene sanaumvetse

Achemwali, mawu akuti "angovomera, alipire, atuluke" amene ena akukulangizani pa nkhani ya mng'ono wanu ndi omwewo amene anandiuza ine, ndipo mtima wandiwawa kuwaonanso akulembedwa ngati nzeru. Mwati anamutola pa bala Loweruka usiku pamodzi ndi anzake, akadali m'chitokosi, mankhwala ake a ARV ali kunyumba, ndipo apolisi akunena kuti m'chikwama mwake munapezeka chamba. Ndikuyankhani monga munthu amene anagonapo pa simenti imeneyo.

Ine ndinkagwira ntchito yomweyi yogonana ndi amuna polandira ndalama kunyanja kuno ku Salima, m'zaka zimene lamulo la vakabu linali lisanagwetsedwe. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa bala, ndipo mwini wake ankatolera ndalama tsiku ndi tsiku, kaya kasitomala wabwera kaya sanabwere. Unali mwezi wa mdima, usipa ukuphedwa wambiri, asodzi ali ndi ndalama m'matumba, ndipo apolisi nawo ankadziwa bwino kuti nyengo imeneyo ife sitisowa kanthu. Anafika pakati pa usiku, akumenya zitseko ndi zidendene za mfuti. Mwamuna amene ndinali naye anamupatsa mpata wovala nsapato, wapolisi wina n'kumuuza mwaulemu kuti, "Bwana, pitani kunyumba, akazi anu akudikira." Ine anandikokera panja ndili ndi chitenje chokha, ndipo nditapempha kuti ndivale bulauzi anandiyankha kuti munthu wogulitsa thupi sangachite manyazi ndi thupi lomwelo. M'galimoto munadzaza akazi okhaokha.

Titafika, anakhuthula chikwama changa pa kauntala. Makondomu amene ndinalandira kwaulere kuchipatala cha boma anawawerenga mokweza limodzi limodzi, akuseka, n'kunena kuti umboni ndi umenewo. Kenaka anatulutsa botolo la mankhwala anga, analigwedeza pamaso pa aliyense, ngakhale akaidi aamuna amene ankasuzumira pa chitseko chawo, n'kunena kuti, "Uyu ndiye akugawa matenda kudoko." Mpaka usiku umenewo mayi anga enieni sankadziwa kuti ndimamwa mankhwala. Pofika m'mawa, akabaza onse a pasiteji anali atamva. Botololo analitsekera m'kabati, ndipo nthawi yanga yomwera itakwana ndinagogoda chitseko mpaka zala zinatupa, koma yankho linali lakuti pano si pachipatala.

M'chipindamo tinapanikizana moti wina akafuna kutembenuka tonse tinkayenera kudzuka. Kutentha kwa ku Salima mukukudziwa, ndipo pakona panali ndowa imodzi yodzithandiziramo imene inadzaza usiku usanathe. Udzudzu unatidya mpaka nkhope kutupa. Komabe chimene chinkandidya kwambiri chinali mwana wanga, amene ndinamusiya akugona kwa mayi wina woyandikana nane, nditalonjeza kuti ndidzamutenga tambala woyamba akalira. Kutatsala pang'ono kucha, wapolisi yemwe uja anatsegula chitseko, anandiitana ine ndekha, n'kupita nane m'kachipinda kena kopanda nyali. Anandiuza kuti njira zotulukira ndi ziwiri, ndalama kapena chimene ndimagulitsacho, ndipo popeza ndalama anali atazilanda kale, yatsala imodzi. Nditakana anandimenya mbama imene inandigonthetsa khutu lakumanzere kwa nthawi yaitali, n'kundiuza mawu amene sindidzawaiwala, akuti hule sagwiriridwa ndipo palibe khoti limene lingandimvere. Chimene chinandipulumutsa ndi amayi anzanga aja, amene atamva kulira kwanga anayamba kukuwa ndi kumenya chitseko chachitsulo mpaka wapolisi wamkazi amene anali pa kauntala anabwera. Bambo ameneyo ndimakumana naye pamsika mpaka lero, atavala bwino Lamulungu, Baibulo lili m'khwapa, ndipo amandiyang'ana ngati sanandionepo. Mwini bala uja, amene anadya ndalama zathu zaka zonsezo, sanabwere ngakhale ndi botolo la madzi, koma titatuluka anatiwerengera lendi ya masiku amene tinali m'chitokosi.

Potitengera kukhoti anatiuza m'galimoto kuti aliyense ayankhe "ndikuvomera", ndipo wokana apita ku rimandi kukadikira miyezi. Anatiimika tonse pamodzi, mlandu unawerengedwa kamodzi, tinavomera, n'kutilamula chindapusa chimene ndinalipira ndi ndalama za katapila. Madzulo a tsiku limenelo ndinamwa mankhwala anga ndipo mwana wanga anagona pambali panga, choncho sindidzanena kuti ndinalakwa. Koma dzina langa linalembedwa m'buku la anthu opezeka olakwa pa mlandu umene sindinaumve n'komwe, ndipo apolisiwo anaphunzira kuti tikafinyidwa timalipira, moti anabweranso mwezi wotsatira.

Zimene sitinkadziwa nthawi imeneyo ndi zimene ndikufuna inu mupite nazo ku polisi mawa. M'Malawi muno palibe lamulo limene limati munthu wamkulu wogonana ndi munthu wamkulu mnzake polandira ndalama wapalamula. Mu 2016 apolisi ku Dedza anagwira amayi 19 m'malo ogona alendo, n'kuwaimba mlandu wa gawo 146 la Penal Code, lonena za kudya ndalama zochokera m'uhule, ndipo anawalipiritsa chindapusa atavomera. Khoti lalikulu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, linafafaniza chigamulocho chaka chomwecho, n'kufotokoza kuti gawolo linaikidwa pofuna kulanga anthu odyera masuku pamutu amayiwo, osati amayi eni ake, ndipo linalamula kuti ndalama zawo zibwezedwe. Mu Januwale 2017 khoti lalikulu ku Blantyre linagwetsa gawo 184(1)(c), vakabu weniweni uja, pa mlandu wa wogulitsa majumbo amene anagwidwa m'bandakucha akupita kumsika. Mu 2022 khoti linagamulanso kuti kusesa anthu mwachisawawa, monga anachitira apolisi pa malo omwera mowa ku Kasungu mu 2018, n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ngakhale zimene anachita ndi botolo langa zili ndi poyankhira, pakuti mu 2015 khoti linapeza kuti kuyeza magazi mokakamiza amayi amene anagwidwa ku Mwanza mu 2009, zotsatira zake n'kuwerengedwa poyera m'khoti, kunali kuphwanya ufulu wawo. Musanamizidwe kuti zonse zinatha, chifukwa gawo 180 lonena za kusokoneza bata pagulu likadalipo ndipo ndi limene ena amathawirako tsopano, koma nalonso limafuna umboni wa zimene munthu anachita, osati malo amene anapezeka kapena siketi imene anavala.

Nkhani ya chamba ndi ina, ndipo pamenepo ndiye pamene muyenera kusamala kwambiri. Kupezeka ndi chamba ukadali mlandu pansi pa Dangerous Drugs Act. Lamulo la 2020 limene anthu amalitchula m'mabala linangolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, silinalole kusuta kapena kuyenda nacho m'chikwama. Chotero mlandu umenewu ndi wolemera kuposa wa pa bala uja, ndipo kuuvomera mwaphuma kungamulowetse m'ndende m'malo momutulutsa. Mufunseni pa awiri ngati chinali chake, amene anatsegula chikwamacho ndani, komanso ngati iye analipo pamene ankachitsegula. Ngati sichinali chake, asasaine pepala lililonse limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Ngati chinali chake, alankhule kaye ndi wodziwa malamulo asanayankhe m'khoti, chifukwa kuchuluka kwa chambacho, kukhala woyamba kupalamula, matenda ake komanso ana amene akulera ndi zinthu zimene majisitireti amaziganizira popereka chilango, koma wina ayenera kuzitchula.

Ndaona ndemanga zina zikunena kuti wosuta chamba asamveredwe chisoni. Amene akulemba zimenezo sanakhalepo usiku wonse ndi mwamuna woledzera amene sakumudziwa, chitseko chili chotseka. Mnzanga wina wochokera ku Nkhotakota, kumene fodya wamkuluyo sasowa, anayamba kusuta ndi kumwa kachasu kuti azitha kupirira usiku, ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kudumphitsa mankhwala ake. Kutchalitchi anamudula, abale ake anamukana, ndipo ngakhale m'gulu lathu la banki mkhonde ena ankafuna kumuchotsa poopa kuti sabweza ngongole. Apolisi anamutsekera kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankatuluka ali woipirapo. Chimene chinamuthandiza ndi amayi awiri amene anagawana masiku omukumbutsa mankhwala, ndi mlangizi wathu wa pakati pa ife tomwe amene anamuperekeza kwa a zamaganizo kuchipatala. A chipatala cha St John of God ali ndi thandizo la anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ngati mng'ono wanuyo akusutadi moti sangathe kusiya yekha, njira ndi imeneyo akatuluka, osati chikwapu kapena kumumangirira pa mapemphero.

Mawa m'mawa pitani ndi botolo la mankhwala ndi buku lake la kuchipatala, ndipo musapite nokha, tengani munthu wachikulire kapena mnzake wa m'gulu la amayiwo kuti akhale mboni. Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, osati amene ali pa kauntala. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, wolandira chithandizo cha mankhwala, komanso wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Belo ya ku polisi ndi yaulere, choncho musapereke ndalama kwa aliyense popanda lisiti ya boma. Kukhoti funsani za a Legal Aid Bureau kapena ma paralegal, alangizi a zamalamulo amene amayendera zitokosi, ndipo uzani a Female Sex Workers Association, bungwe la amayi ogwira ntchitoyi, ndi a CHREAA, bungwe loona za ufulu wa anthu, chifukwa milandu yotere anayendapo nayo. Mufunseninso mwakachetechete ngati wina anamugwira m'chitokosimo, pakuti ngati zinatero mankhwala oletsa kutenga mimba mwadzidzidzi amafunika msanga ndithu, ndipo lipoti la dokotala lilembedwe mabala asanapole. Kwa anzake amene alibe kachilombo, ngati nawonso anagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayambidwa pasanathe maola 72.

Lembani dzina kapena nambala ya wapolisi aliyense amene mwalankhula naye, tsiku ndi nthawi yake. Dandaulo mungakalitule ku Victim Support Unit, ngakhale ine pandekha sindinapondeko chifukwa khomo lake linali moyang'anizana ndi ofesi ya amene anandimenya, ndiye ngati nanunso mukuona chimodzimodzi, pitani nalo ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission. Ndikubwereza kuti asavomere ndipo musalipire chiphuphu. Koma mukafika n'kupeza kuti akukana kumupatsa mankhwala, ana ake ali okha kunyumba, ndipo wina wayamba kumuitana usiku monga anandiitanira ine, mutulutseni m'njira iliyonse imene mungathe, za madandaulo mudzaziyambe iye ali panja. Mundilembere kumbali kuti ndikulumikizeni ndi amayi a m'gulu lathu amene angakuperekezeni mawa.