F-150 ya ntchito: XLT, Lariat kapena King Ranch?

Achimwene, mwafunsa za F-150 (pikiapu ya Ford) zitatu za 2022, zogwirapo kale ntchito, zomwe mwaona kwa ogulitsa magalimoto ku South Bend, ku Indiana ku America: XLT, Lariat ndi King Ranch. Mwati ntchito yanu ndi yotchetcha kapinga m'nyumba za anthu, mumakoka ngolo ya makina otchetchera, ndipo Lamlungu galimoto yomweyo izitenga amayi ndi ana atatu kupita kutchalitchi. Ine ndikuti gulani XLT, koma ikhale ya phukusi la zipangizo lotchedwa 302A, ya zitseko zinayi yomwe amati SuperCrew, ya 4x4. Ndipo musasaine pepala lililonse musanawerenge sitika yachikasu ya pachitseko cha dalaivala.

Ndiyambire pa sitikayo chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Mukatsegula chitseko, pamphuthu pali sitika yonena za mpweya wa matayala ndiponso kulemera kwa anthu ndi katundu komwe galimotoyo ingasenze. Nambala imeneyo ndi ya galimoto yomwe mwaimapoyo basi, si ya F-150 iliyonse. Kampani ya Ford inalengeza kuti F-150 ya 2021 imasenza mpaka mapaundi 3,325 ndipo imakoka mpaka mapaundi 14,000, koma manambala awiriwa ndi a magalimoto osiyana okonzedwa mwapadera. Yosenza kwambiriyo ndi ya mzere umodzi wa mipando, ya injini ya V8, yopanda 4x4. Yanu ya banjayo singafikeko. Tsono chilichonse chomwe Lariat ndi King Ranch zimaonjezera, kaya denga lagalasi, mipando ya magetsi, masitepe otuluka okha kapena malimu akuluakulu, chimadya nambala yomweyo. N'chifukwa chake yodula kwambiri kawirikawiri imasenza zochepa kuposa yotchipa ya injini yofanana.

Tiyerekeze kuti ngolo yanu ikadzaza imalemera mapaundi 7,000. Gawo la kulemerako lomwe limatsamira pagalimoto liyenera kukhala 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse, ndiye kuti mapaundi 700 mpaka 1,050 apita kale musanakwere n'komwe. Onjezanipo inuyo, anyamata awiri othandiza, bokosi la zida, zigubu za petulo ndi matumba a manyowa. Sitika ikati 1,500, mwadutsa kale malire, kumbuyo kwatitimira, mabuleki akuvutika. Ngati simudziwa kulemera kwa ngoloyo, ipititseni yodzaza pasikelo ya CAT Scale pamalo oimira mathiraki. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi ngongole yomwe mukufuna kutengayo.

Za XL, yotchipa kuposa zonsezi, sindichulutsa. Ndi galimoto ya ntchito yeniyeni, pansi pake mphira, mumangothira madzi n'kukolopa, koma ana atatu m'nyengo yozizira ya ku Indiana sangasangalale nayo. XLT ili ndi maphukusi atatu a zipangizo, 300A, 301A ndi 302A, ndipo ogulitsa ambiri amangolemba kuti XLT osanena kuti ndi iti. Muwafunse. Pa za 2021 mpaka 2023, 302A ndi yomwe imabwera ndi mipando yakutsogolo yotenthetsa, sikirini yaikulu ya mainchesi 12, komanso kuliza injini muli m'nyumba. Mu Januwale, chipale cha ku Lake Michigan chikaunjikana usiku, kupeza galimoto yatentha kale ndi magalasi asungunuka si manyado ayi, kumakupulumutsirani nthawi m'mawa uliwonse. Mipando yake ndi yansalu, koma munthu wolowa ndi matope ndi udzu tsiku ndi tsiku amangoivala zophimba, pansi n'kuyala mphira. Zikatha mumagula zina.

Lariat ndiye yoyenera kuiganizira mofatsa. Ili ndi mipando yachikopa yotenthetsa ndi kuziziritsa, mamita a pasikirini, kutentha kwa dalaivala ndi kwa wokwera pambali kosintha payokha. Zonsezo n'zabwino koma sizigwira ntchito yanu. Chomwe chili ndi phindu lenileni ndi batani lolembedwa 4A. Pa XLT ya zaka zimenezi muli 2H, 4H ndi 4L basi. Mukaika 4H matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa pamodzi, zomwe n'zabwino pachipale kapena pamatope, koma paphula louma galimoto imakakamira pokhota ndipo zitsulo zimadyeka. Misewu ya m'nyengo yozizira imakhala yosakanizika, apa pouma, apo poterera, ndiye mumangokhalira kusintha. 4A imapereka yokha mphamvu kutsogolo ikaona kuti akumbuyo akuterereka, mumaisiya choncho nyengo yonse. Ngati amayi aziyendetsanso ndi ana, kapena mumadzuka usiku kukachotsa chipale m'makomo mwa makasitomala, chimenechi n'chifukwa chomveka chogulira Lariat. Mtengo ukasiyana pang'ono ndi XLT ndipo sitika yake ikukwanira ngolo yanu, sindingakuletseni. Ukasiyana kwambiri, ndalamayo mugule matayala anayi a m'chipale. Iwo amathandizanso poima, pomwe 4A imangothandiza ponyamuka.

King Ranch isiyeni. Dzinalo ndi la famu ya ng'ombe ya ku Kingsville kumwera kwa Texas, yomwe Richard King anayambitsa mu 1853, ndipo Ford anayamba kuliika pa F-150 mu 2001. Chikopa chake chofiirira ndi chokongoladi, chili ndi chizindikiro cha W cha pafamupo. Koma injini, giyabokosi ya magiya 10 ndi chesisi ndi zomwezo mungazipeze pa XLT. Mukulipirira chikopa chomwe nsapato za ntchito zidzachiononga, ndipo inshuwalansi ndi matayala ake aakulu nazo zimakwera mtengo. Platinum ndi Limited, mitundu ina yodula ya F-150, chimodzimodzi. Tremor ndi Raptor ndi za oyenda m'tchire, si za wokoka ngolo mumzinda.

Injini ndi yofunika kuposa dzina lolembedwa pambalipo. Ya 3.3 V6 ndi yaing'ono pa ntchito yanu. Ya 2.7 EcoBoost ili ndi mphamvu ya mahatchi 325, imathamanga bwino ndipo simwa mafuta kwambiri ikakhala yopanda katundu. Ngolo yopepuka ya makina awiri imakoka mosavuta, kungoti zambiri za injini imeneyi zimakhala ndi nambala yotsika pasitika ija. Ngati mapaundi 7,000 ndi a tsiku ndi tsiku, sankhani pakati pa 5.0 V8 ndi 3.5 EcoBoost. Zonse zili ndi mahatchi 400, koma 3.5 imakoka mwamphamvu kuyambira pansi chifukwa cha matabo ake awiri, pomwe V8 ilibe tabo, ndipo makaniko ambiri amaikonda chifukwa cha zimenezo. Ine ndingatenge iliyonse mwa ziwirizi yomwe ili ndi mbiri yabwino ya kusintha oyilo. Palinso PowerBoost, ya petulo ndi batire, yomwe ili ndi jenereta ya 2.4 kapena 7.2 kW kumbuyo. Anthu ena ku Texas anayatsira nyumba zawo ndi imeneyi magetsi atazima mu Febuluwale 2021. Ingakuthandizeni ngati muli ndi zida zotchaja, koma ndi yolemera, motero imasenza zochepa.

Pemphani pepala la pawindo lomwe galimotoyo inatuluka nalo kufakitale. Ogulitsa angathe kulipeza ndi VIN, nambala yozindikiritsa galimotoyo. Pamenepo muone ngati ili ndi phukusi lokokera ngolo, kachipangizo koyendetsa mabuleki a ngolo, akiselo yakumbuyo ya magiya a 3.55 kapena 3.73, ndi thanki yaikulu ya magaloni 36. Lariat yopanda zimenezi ndi yochepera pa ntchito yanu kuposa XLT yokhala nazo. SuperCrew imabwera ndi kumbuyo kwa mafiti 5.5 kapena 6.5. Yaitaliyo ndi yabwino pa katundu, koma muyeze kaye garaja yanu.

Kuyambira 2015 bodi ya F-150 ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, koma chesisi ndi yachitsulo ndipo mchere wa m'misewu ya ku Indiana ndi Michigan umadya kunsi. Gonani pansi ndi tochi, kapena mulipire makaniko wanu, osati wa ogulitsawo, aikweze aione. Ikaninso VIN patsamba la NHTSA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha magalimoto, kuti mudziwe ngati pali zomwe kampani inaitanitsa kuti zikonzedwe koma sizinakonzedwe. Mukasintha maganizo n'kuyang'ana za 2024, dziwani kuti zinthu zinasinthako: sikirini ya mainchesi 12 ili pa zonse, injini ya 3.3 ndi Limited anazichotsa, choncho mufunsenso bwino za maphukusiwo.

Mwatchulanso zoti mwina mudzaitumiza kumudzi. Musaike zimenezo m'masamu a lero. Chiwongolero chake chili kumanzere pomwe kwathu timayenda kumanzere kwa msewu, kupitirira thiraki pa M1 kungakhale koopsa chifukwa simuona kutsogolo. Zipangizo zake muzidzachita kuitanitsa kunja, pomwe za Hilux ndi Ranger zimapezeka ku Lilongwe ndi ku Blantyre konko. Nthawiyo ikadzafika mudzaigulitse kunoko, ndalamayo mukagulire ya kumeneko.