Ndinathyoka mwendo ndili pa ntchito, malipiro abwera theka

FUNSO: Ndimagwira ntchito kukhonsolo ina, mbali yoona za mapulani a nyumba ndi mapuloti, ndipo chino ndi chaka changa chachitatu. Mvula ili mkati, ndinagwa pa njinga yamoto ndikupita kukayendera mapuloti, mwendo n'kuthyoka. Adokotala anandilembera masabata 10. Mwezi woyamba malipiro anabwera onse, wachiwiri uno abwera theka. Lendi ikundidikira, ana awiri ali pasukulu. Kodi akundibera? Bambo wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Pepani kwambiri bambo. Kugona ndi pulasitala kwinaku alandilodi akugogoda pakhomo si chinthu chapafupi.

Tiyambe ndi theka lija. Lamulo la Employment Act la 2000, gawo 46, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza akadwala, alandire malipiro onse kwa masabata 4, kenako theka kwa masabata 8, pa chaka chilichonse. Chofunika ndi chikalata cha dokotala wovomerezeka chofotokoza vuto lanu, ndipo inu muli nacho. Lamuloli limakhudzanso ogwira ntchito m'makhonsolo. Ndiye kunena kuti akuberani, pamenepo ayi, sindinganene. Koma masabata amenewa ndi poyambira chabe, olemba ntchito saloledwa kutsika pamenepo koma akhoza kupereka zoposa. Pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito mukapemphe buku la malamulo a ntchito yanu, muwerenge nokha tsamba la tchuthi cha matenda. Musakhutire ndi mawu apakamwa akuti "ndi mmene timachitira".

Chimene chandigwira mtima m'kalata yanu ndi china. Inu simunadwale malungo kunyumba. Munavulala mutatumidwa, muli pa ulendo wa ntchito. Nkhani yotere ili ndi lamulo lakelake, Workers' Compensation Act, nalonso la 2000, lomwe limapereka udindo kwa olemba ntchito kulipira chipukuta misozi munthu akavulala pogwira ntchito, komanso kuthandiza pa ndalama za chipatala. Ambiri izi sazidziwa, amangoti ndi tsoka langa, n'kumagulitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Zimandiwawa kwambiri.

Kodi ngoziyi inalembedwa? Funsani abwana anu ngati anaipereka ku ofesi ya leba. Ngati sanatero, alembereni kalata sabata ino, yofotokoza tsiku, malo, amene anakutumani ndi mapuloti amene mumakayendera. Kope imodzi idindidwe, musunge inuyo. Sonkhanitsani buku lanu la kuchipatala, chithunzi cha ekisire, malisiti onse, ndi lipoti la apolisi ngati linalembedwa. Mnzanu amene anakuonani mukunyamuka tsikulo amathandizanso ngati mboni. Mukatero, wina akuperekezeni ku ofesi ya leba ku Mzuzu komweko, musadikire kuti mwendo uyambe wapola, chifukwa nkhani izi zikachedwa mapepala amasowa ndipo anthu amaiwala.

Mwina mukuopa kuti mukadandaula ntchito itha. Gawo 57 la Employment Act limaletsa kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti wajomba kwa kanthawi kaamba ka matenda kapena kuvulala. Zikavuta kumvana, khoti loweruza milandu ya pa ntchito la Industrial Relations Court lili ndi nthambi ku Mzuzu komweko. Masabata 10 akatha adokotala n'kuona kuti simunachire, atengereni kalata ina akuntchito tsiku lobwerera lisanakwane.