Miyendo ndi yomweyi, manyazi achokera kuti?

Achemwali ena andilembera kuti ali kukoleji ankayenda wapansi paliponse, koma chiyambireni ntchito ku Lilongwe amachita manyazi anthu akawaona pamsewu, moti ndalama zikungothera kabaza. Akufunsa ngati asanduka aulesi. Kalatayi yandikhudza chifukwa inenso zinandichitikira.

Ndinaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, sukulu yomwe inasamukira ku Chirunga, ku Zomba komweko, mu 1973 kuchokera ku Chichiri ku Blantyre. Ku Chirungako zinthu n'zoyandikana. Ukatuluka kuhostelo, posakhalitsa uli mkalasi, laibulale ili pompo, Great Hall ukuyiona. Mvula ikagwa umadzera m'makonde. Loweruka tinkapita kumsika m'tauni tili gulu, phiri la Zomba lili patsogolo pathu, tikukangana za ndale mpaka kufika osadziwa. Anzathu okhala ku Chikanda ankabwera wapansi m'mawa uliwonse, ndipo palibe ankawayang'ana kawiri. Mwana wa bwana ndi mwana wa mlimi fumbi linali limodzi. Anzanga enieni amene ndili nawo mpaka lero ndinawapeza panjira, osati pa desiki. Ngakhale mfundo zimene zinkandivuta mkalasi zinkamasuka ndikuyenda madzulo, mphepo yozizira ikutsika kuphiri.

Kenako ndinapeza ntchito ku Lilongwe. Sabata yoyamba ndinafika kuofesi nsapato zitafiira, thukuta lili kamukamu, mnzanga wina n'kundifunsa mokweza kuti, "Kodi zavuta kale?" Anthu anaseka. Mawa lake ndinakwera minibasi pa mtunda umene ku Zomba sindikanauwerengera n'komwe. Zimenezi zimandiwawabe.

Achemwali, inu si aulesi ayi, ndipo apa sindigonja. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ndipo inayalidwa motalikitsa zinthu: City Centre uko, Old Town uko, Capital Hill payokha, ma Area atamwazikana. Mzinda wotere umafuna galimoto. Woyenda wapansi amapanikizidwa m'mphepete mwa msewu, pakati pa ngalande ndi njinga zamoto, dzuwa likuswa mtengo. Ndiye anthu amazolowera kuganiza kuti woyenda ndi amene wasowa ndalama. Kukoleji kuja malo ankatiuza kuti kuyenda ndi kwa aliyense, ndipo tinakhulupirira kwa zaka zinayi popanda wotilalikira. Chimandipweteka n'chakuti ambiri amene amakhala m'maofesi okonza mizinda anadutsa m'makoleji omwewa. Anaulawa ubwino wa mthunzi ndi kanjira kabwino. Amaiwala bwanji akangogula galimoto? Ndipo mayi wosenza dengu la tomato, amene alibe chosankha, ndiye amavutika kuposa ife odandaulafe.

Nanga mutani?

Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, m'mawa dzuwa lisanakule. Nsapato za kuofesi muziika m'chikwama. Pezani mnzanu mmodzi wolowera komweko, chifukwa chimene mwachisowa kwambiri ndi gulu lija. Ine ndinayamba ndi mayi wina wa ofesi yoyandikana nayo, ndipo Lachisanu lililonse timayendabe limodzi mpaka pa depoti.