Kodi nditenge ngongole kuti ndikachite kosi ina?

Mayi wina watilembera motere: "Ndagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina kwa zaka zisanu ndi chimodzi osakwezedwa, pamene anzanga ena amene anandipeza pantchitopo andipitirira kale. Ndikaweruka ndimagulitsanso zovala, koma sindidziwa bwinobwino ngati bizinesiyo ikupindula. Ndikuganiza zotenga ngongole kubanki kuti ndikachite dipuloma ya kayendetsedwe ka bizinesi. Kodi nzeru imeneyi ndi yabwino?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Langizo langa ndi lakuti musasaine kaye mapepala a ngongoleyo, ngakhale kuti maphunziro ndi chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mu 2018, akatswiri a zachuma George Psacharopoulos ndi Harry Patrinos anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wochokera m'mayiko 139, ndipo anapeza kuti chaka chilichonse chimene munthu wawonjezera pa sukulu chimakweza malipiro ake ndi pafupifupi 9 peresenti. Komatu chiwerengero chimenechi chimatuluka pophatikiza anthu miyandamiyanda, ndipo sichikutiuza ngati dipuloma imene inuyo mwaisankha ndi imene ingathetse vuto lanu. Wolemba ntchito amalipira zimene munthu amatha kuchita, ndipo satifiketi ndi umboni chabe wakuti mwina munthuyo angazithe.

Choyamba, fufuzani chimene chikukulepheretsani kukwezedwa, chifukwa m'kalata yanu simunachitchule, ndipo ndikukayikira ngati munafunsapo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Pemphani nthawi yolankhula ndi bwana wanu, ndipo mufunse mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti ndi zinthu ziti zimene muyenera kumatha kuti akuganizireni pa udindo wotsatira. Werenganinso zilengezo zingapo za ntchito imene mukuisirira, kuchokera m'makampani osiyanasiyana, ndipo mulembe maluso amene akutchulidwa mobwerezabwereza. Mukatero, yang'anitsitsani anzanu amene anakwezedwa aja, popanda nsanje, kuti muone ntchito zimene amapatsidwa zomwe inu simupatsidwa. N'zoona kuti m'malo ena anthu amakwezedwa mwa kukondera, ndipo ngati ndi mmene zilili kwanuko, palibe dipuloma imene ingasinthe zimenezo. Koma musafulumire kuganiza choncho musanamve yankho la bwana wanu.

Nthawi zambiri chimene chimasowa ndi luso looneka laling'ono koma lofunika tsiku ndi tsiku: kulemba lipoti lalifupi lomveka bwino, kusanja manambala mu pulogalamu ya pakompyuta ya Excel n'kufotokoza tanthauzo lake, kuyankha kasitomala wokwiya mpaka mtima wake ukhale pansi, kapena kutsogolera anthu atatu kuti amalize ntchito pa nthawi yake. Maluso ogwira ntchito ndi anthu musawapeputse. David Deming wa ku yunivesite ya Harvard anasonyeza mu 2017 kuti ku United States, kuyambira 1980 mpaka 2012, ntchito zofuna luso lokambirana ndi kugwirizana ndi ena zinachuluka kwambiri, ndipo amene anapindula koposa ndi aja amene ankatha masamu komanso ankadziwa kukhala ndi anthu. Bungwe la World Economic Forum nalo linanena m'lipoti lake la 2025 kuti olemba ntchito akuyembekezera kuti 39 peresenti ya maluso ofunika pantchito adzakhala atasintha pofika 2030, kutanthauza kuti ngakhale mutapeza dipulomayo, kuphunzira sikudzathera pomwepo.

Mukadziwa luso limene mukulisowa, sankhani limodzi lokha n'kulimbana nalo kwa miyezi ingapo. Pano pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Inu mwagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi, koma kubwereza ntchito imodzimodzi m'njira imodzimodzi sikukulitsa luso la munthu. Katswiri wa zamaganizo Anders Ericsson ndi anzake anaphunzira za oimba vayolini ku Berlin, ndipo mu 1993 anafotokoza kuti luso limakula pamene munthu akuyeserera dala gawo limene limamuvuta, pali wina womuuza pamene walakwitsa, iye n'kubwereza mpaka atakonza. Kuntchito kwanu zimenezi zikutanthauza kudzipereka kulemba lipoti la mwezi limene ena amalithawa, kulipereka kwa munthu wodziwa kuti alichonge, ndi kulandira chidzudzulo chake popanda kukhumudwa. Maphunziro aulere kapena otsika mtengo a pa intaneti angakuthandizeni, pokhapokha ngati chimene mwaphunzira madzulo mukukachigwiritsa ntchito m'mawa mwake, chifukwa zongoonera pafoni zimaiwalika msanga.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa bizinesi yanu ya zovala, chifukwa m'maganizo mwanga ndi pamene pali sukulu yanu yeniyeni, ndipo mawu anu akuti simudziwa ngati ikupindula andidetsa nkhawa kuposa nkhani ya kukwezedwa. Munthu amene akufuna kuphunzira kayendetsedwe ka bizinesi, pamene ali ndi bizinesi m'manja mwake imene sanaiwerengere, ayambire pomwepo. M'dziko la Dominican Republic, ofufuza Alejandro Drexler, Greg Fischer ndi Antoinette Schoar anayerekeza mitundu iwiri ya maphunziro a eni mabizinesi ang'onoang'ono. Gulu lina linaphunzitsidwa mfundo za akaunti monga mmene zimaphunzitsidwira m'kalasi, pamene lina linapatsidwa malamulo osavuta, monga kusunga ndalama za bizinesi padera ndi za pakhomo, ndi kudzilipira malipiro okhazikika m'malo momangotapa m'thumba la bizinesi. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2014 zinasonyeza kuti malamulo osavutawo ndi amene anasinthadi kasungidwe ka ndalama, makamaka kwa anthu amene poyamba sankadziwa zambiri za chuma.

Kafukufuku wina anachitika ku Lomé, m'dziko la Togo, pa eni mabizinesi ang'onoang'ono okwana 1,500, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya Science mu 2017. Amene anaphunzitsidwa kuyamba okha zinthu osadikira kuuzidwa, kufunafuna njira zatsopano zokopera makasitomala, kukonzekera zam'tsogolo ndi kusagwa ulesi akakumana ndi zovuta, phindu lawo linakwera ndi 30 peresenti m'zaka ziwiri. Amene analandira maphunziro a bizinesi a masiku onse phindu lawo linakwera ndi 11 peresenti yokha, ndipo ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti kukwerako kunabweradi chifukwa cha maphunzirowo. Choncho gulani kope, kapena tsegulani tsamba pakompyuta, muzilembamo tsiku lililonse mtengo umene mwaodera katundu, zimene mwagulitsa, ndalama zoyendera, ndi mayina a onse amene atenga zovala pangongole. Pakutha pa miyezi itatu mudzadziwa zovala zimene zimayenda malonda, zimene zimangogoneka mpamba wanu, ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zili m'manja mwa anthu ena. Luso lowerenga manambala limene mudzapeze pamenepo ndi lomwe lija mabwana amalifuna kwa munthu woti amupatse udindo.

Tsopano za ngongole ija. Pali ntchito zina, monga za akaunti, unamwino ndi uphunzitsi, zimene munthu saloledwa kuzigwira kapena kukwera nazo popanda pepala lovomerezeka, ndipo ngati kufufuza kwanu kwasonyeza kuti udindo umene mukuufuna ndi wotero, dipulomayo ndi yoyenera. Zikatero muwerengere mtengo wake wonse: fizi, mabuku, mayeso, chiwongoladzanja cha ngongole kufikira tsiku lomaliza kubweza, komanso phindu la bizinesi limene lidzatayike pa maola amene mudzakhale m'kalasi. Ndalama zonsezo muzigawe ndi ndalama zimene mukuyembekezera kuti zidzawonjezeke pa malipiro anu mwezi uliwonse, ndipo mudzaona kuti padzatenga miyezi ingati kuti maphunzirowo adzibweze okha. Kumbukirani kuti banki idzayamba kudula ndalama zake pa nthawi imene munagwirizana, kaya mwakwezedwa kapena ayi. Mutsimikizenso kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba m'dziko lanu, mulankhule ndi anthu amene anamaliza kosiyo kuti mumve kumene ali lero, ndipo mufunse ngati kampani yanu ili ndi ndondomeko yothandiza antchito ake pa maphunziro. Ngati sukuluyo imalola kulipira teremu ndi teremu, mwina phindu la bizinesi yoyendetsedwa bwino lingakwanitse gawo lalikulu la fizi popanda kupita kubanki.

Luso limene anthu sakulidziwa silikweza malipiro, choncho muzisunga umboni wa zimene mwachita: ndalama zimene mwapulumutsira kampani, nthawi imene mwafupikitsa pa ntchito inayake, makasitomala amene anachoka koma mwawakopanso. Umboni umenewu ndi umene mudzapite nawo kwa bwana wanu pokapempha kukwezedwa, m'malo mwa kuwerenga zaka zimene mwakhala pampando. Mudziwitsenso anthu a kunja kwa kampani yanu za zimene mumatha. Mark Granovetter, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anafufuza mmene anthu a m'tauni ya Newton pafupi ndi Boston anapezera ntchito, ndipo mu 1973 anafotokoza kuti ambiri amene anathandizidwa ndi munthu wina anamva za ntchitoyo kwa anthu amene ankangoonana nawo mwa apo ndi apo, chifukwa anzathu apamtima amadziwa zomwe ifenso tikuzidziwa kale. Ngati patapita chaka mwakwaniritsa zimene bwana wanu anatchula koma palibe chimene chasintha, yambani kufunsira ntchito kwina muli pantchito pomwepo, ndipo musasiye imene muli nayo musanalandire kalata ya ntchito yatsopanoyo.