Botolo limenelo ndikulidziwa, achemwali

Achemwali, botolo lolembedwa "mankhwala a Ibn Sina" limenelo musawagulire bambo a kunyumbawo, chonde. Ndawerenga zimene mwalemba pa Facebook pano za matenda awo a m'mimba manja akunjenjemera. Kutentha pachifuwa usiku, kuluma m'mimba akakhala ndi njala, kugeya zowawasa, zonsezo n'zimene ndinadutsamo, ndipo ine mabotolo ake ndinagula atatu.

Zinali mu Ramadani zaka zitatu zapitazo. Bambo wina wa mkanjo woyera, wolankhula mofatsa ngati sangaphe ntchentche, anandiuza kuti kuchipatala n'kutaya nthawi, awa ndi ochokera m'buku lenileni la Ibn Sina, dokotala wotchuka wachisilamu wakalekale: uchi, habbat sauda (tinjere takuda) ndi zina "zachinsinsi". K35,000 botolo limodzi. Anati ukamva kupweteka kwambiri ndiye kuti mankhwala agwirana ndi matenda, pirira. Nthawi imeneyo mutu unkandiwawa ndi swaumu (kusala kudya), ndiye pa daku, chakudya cha m'bandakucha, ndinkameza ibuprofen awiri tsiku lililonse. Sanandifunse n'komwe ngati pali china chimene ndikumwa.

Tsiku la 17 madzulo ndikukonza futali, mbatata zili pamoto, nsinjiro ndasefa kale. Ndinangomva thukuta lozizira likutsika kumsana, makutu kuti ngwiii. Ndinakhala pansi pakhonde, basi kusanza. Zoyamba zinali zakuda ngati masamba a tiyi otsalira m'ketulo, kenako magazi enieni, ofiira, m'beseni lomwe ndinatsukiramo mbatata lija. Mwana wanga wa zaka 9 anangoima poteropo ndi chipande m'manja, osalira, osathawa, kungondiyang'ana. Mpaka lero akandiona ndagwira pamimba amasiya zimene akuchita. Ndipo mukudziwa chimene chimandiwawa? Masiku anayi izi zisanachitike chimbudzi chinali chitayamba kale kutuluka chakuda ngati phula, fungo lake lachilendo. Ndinamuimbira bamboyo, iye n'kuti "ndi zoipa zikutuluka, thokozani Allah." Zoipa zake ziti! Anali magazi anga amenewo. Ananditengera kuchipatala pa njinga yamoto, mlamu wanga atandikumbatira kumbuyo kuti ndisagwe, mutu uli lendelende. Anandiwonjezera magazi mapainti awiri, pambuyo pake anandilowetsa kapaipi ka kamera pakhosi n'kupeza chilonda. Bambo uja? Anandibuloka tsiku lomwe mwamuna wanga anamutumizira chithunzi cha dilipu. Ndikumva akugulitsabe, wangosintha chizindikiro pabotolo.

Masabata amene ndinagona aja mkwiyo unandichititsa kufufuza za Ibn Sina yemwe dzina lake linatsala pang'ono kundipha. Munthuyu anabadwa mu 980 kufupi ndi Bukhara, analemba al-Qanun fi al-Tibb, mabuku asanu a zamankhwala, ndipo lachitatu limayenda ndi matenda kuchokera kumutu mpaka kumapazi, la m'mimba, chiwindi ndi matumbo lili momwemo. Madokotala a nthawi imeneyo ankaiona mimba ngati mphika pamoto: chakudya chimaphikidwamo, chikapsa n'kupita kuchiwindi kukasanduka magazi. Moto ukachepa chakudya sichipsa, munthu amatupidwa. Ukachuluka chimapserera. Ndiye wa mimba "yozizira" ankampatsa zina, wa mimba "yotentha" zinanso, atamufunsa mafunso, kumugwira mtsempha padzanja, kuyang'ana mkodzo ndi chimbudzi chomwe. Uchi ndi habbat sauda onse ankawaika m'gulu la zotentha. Nanga botolo limodzi la aliyense, logulitsa pa WhatsApp wodwalayo osamuona n'komwe, lachokera pati m'bukumo?

Ndipo mudziwe chinamupha Ibn Sina mwiniwakeyo. Mimba! Matenda opotokola m'matumbo amene iwo ankawatcha qulanj. Wophunzira wake al-Juzjani analemba kuti anali paulendo ndi gulu lankhondo la mfumu Ala al-Dawla, ndiye pofuna kuchira msanga anadzithira mankhwala kunjira ya chimbudzi maulendo 8 tsiku limodzi, mpaka matumbo anachita zilonda. Wina womuthandiza anathira njere za celery kupyola kutali muyeso umene iye anatchula, antchito ake amene anamubera ndalama anamuchulukitsira opiyamu m'mankhwala ena. Anamwalira ku Hamadan mu 1037, m'mwezi wa Ramadani, ali ndi zaka pafupifupi 57. Dokotala wamkulu ngati ameneyo anadzivulaza podzipatsa yekha mankhwala mopupuluma, ndiye ife ndi botolo la pamsika?

Kunalinso dokotala wina, al-Razi wa ku Rayy, amene anayang'anira chipatala ku Baghdad, anamwalira cha m'ma 925. Ameneyu analemba buku lapadera la qulanj, kusiyanitsa kupotokola kwa m'matumbo ndi kupweteka kwa miyala ya mu impso, poti odwala onse amangoti "m'mimba". Analembanso za asing'anga achinyengo a m'masiku ake, obisa nyongolotsi m'manja n'kumanamizira kuti azitulutsa m'khutu kapena m'dzino la wodwala. Nditawerenga pamenepo ndinaseka ndekha pabedi mpaka pamimba kuwawa. Anzake a bambo ujatu amenewo, analipo kalekale.

Chimene akuluakuluwo sakanachiona, poti analibe makina ake, n'kachilombo kotchedwa H. pylori kamene kamayambitsa zilonda zambiri zam'mimba. Anakatulukira Barry Marshall ndi Robin Warren ku Perth, Australia, mu 1982, Marshall mpaka anachita kukamwa kuti anthu akhulupirire, ndipo mu 2005 onse awiri analandira mphoto ya Nobel. Ine anandipeza nako. Maantibayotiki a mitundu iwiri ndi omeprazole (wochepetsa asidi m'mimba) masiku 14, m'kamwa kuwawa ngati wanyambita ndalama yachitsulo, koma kuyambira pamenepo usiku ndimagona.

Wina asandilembere pansipa kuti ndikutsutsa hadith (mawu a Mtumiki), iyayi. Ya munthu uja m'bale wake ankatsegula m'mimba, Mtumiki (SAW) n'kumuuza kuti ammwetse uchi, ndimaidziwa. Koma Mtumiki yemweyo anatiuza kuti tizifuna chithandizo, ndipo Qur'an mu Surat al-Baqarah inamulola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Ine ndinakakamira chifukwa choopa maso a anthu a pamudzi, osati china.

Ndiye atengeni bambowo mawa lomwe, musadikire Lolemba. Mukawauze adokotala chilichonse chimene akumwa, makamaka ibuprofen, diclofenac kapena asipirini, amenewo amakumba chilonda. Mupemphe kuti awayeze H. pylori. Mukaona chimbudzi chakuda, masanzi a magazi, kapena akuwonda popanda chifukwa, musadikire kuti kuche. Fodya ngati amasuta asiye. Ndipo musamvere aliyense wa pa Facebook pano, ngakhale ineyo.

Komabe uchi musawamane, ine supuni imodzi m'madzi ofunda m'mawa uliwonse sindiphonya, ndipo habbat sauda ndimatafunako pang'ono, ndimaona kuti amandikhazika mimba. Swaumu ya chaka chino adokotala anati ndiyambe ndaonana nawo, sindinapite, ndinasala masiku onse 30 ndipo ndili bwinobwino, koma inu musawalole bambowo kuchita zimenezo. Uchi wake ukhale weniweni, osati wa shuga wa m'mphepete mwa msewu uja. Pali mayi wina amandibweretsera wa m'ming'oma, mukafuna ndipezeni ku inbox.